Za ulendo wa ku Angonia uja, penti tagula kale koma anatipempha ndani?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale ndi alongo nonse. Komiti ya utumiki inakumana dzulo titaweruka ku mapemphero ndipo tagwirizana kuti ulendo wa ku Mozambique uja uchitike mu Ogasiti ana akatsekera sukulu. Tikupita ku Angonia chakufupi ndi Ulongwe, sabata imodzi, anthu osaposa 14 chifukwa minibasi yake ndi yomweyo. Zomwe taganiza kukachita ndi kupaka penti tchalitchi chawo, kugawa zovala zomwe amayi akusonkhetsa, masana kuyenda khomo ndi khomo, madzulo chitsitsimutso ndi kwaya. Amene muli ndi maganizo lankhulani pompano osati kuseri

Wa kiyibodi: Ameeeen!! ine ndilembeni nambala wani abambo, pasipoti yanga ingokhala mu sutikesi chiitengereni, iyambe kuona ma stampa

aNabanda: kkkkk iwe ukufuna utumiki kapena stampa

Wa kiyibodi: zonse amayi, Mulungu amadalitsa mbali zonse

Msungichuma: Ndidziwitseko kuti penti tagula kale zigoba zinayi, yoyera ndi yabuluu, wina anapereka yapadera pa chimenechi nde tinaona kuti tisachedwe mitengo isanakwere. Zili ku stoo ya ku tchalitchi

aNaphiri (Leeds): Moni nonse, pepani ndangotuluka kumene ku shifiti ya usiku nde mutu sukuyenda bwino koma ndisanagone ndifunse kafunso kamodzi. Za pentizo, anapempha ndi abusa a kumeneko kapena taganiza tokha?

Wapampando: Tinaona pa zithunzi zomwe anatumiza mlongo wina kuti khoma lake ndi lakuda ndithu achemwali

aNaphiri (Leeds): Chabwino abambo. Mundilole ndifotokoze kanthu kena, katalika pang'ono mundipirire. Zaka zingapo zapitazo tchalitchi chomwe ndimapemphera kuno chinakonza ulendo ngati womwewu wobwera ku Malawi, nde poti Mmalawi ndinali ndekha anandipempha ndipite nawo ngati womasulira. Anthu abwino zedi musandimve molakwa, agogo ena achizungu anaphika makeke kugulitsa pa tchalitchi miyezi ndi miyezi kuti apeze ya ndege, ena anapereka tchuthi chawo cha chaka chonse. Tinafika pa mudzi wina sindiutchula, ntchito yathu inali yopenta buloko ya sukulu ndi kugawa zovala. Tsiku lachiwiri ndili pa lada ndikumva azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango akucheza, iwo sanadziwe kuti ndikumva chifukwa ndinavala tisheti ya gulu ndi chipewa ngati anzangawo. Wina akuti koma anthu awa auluka mtunda wonsewu kudzagwira ganyu ya mnyamata wathu uja amapenta magolosale pa msika? Wina nkuti asiyeni amalize, akapita tidzamuitana adzakonze mmene adonthezamo. Kenako mayi wina anandizindikira nkundikodola, akuti achemwali tandiuzani zoona, amenewa kwawo kulibe makoma? Mtsogoleri wathu nkundifunsa akuti chani mayiwo, ine nkuti akuti zikomo kwambiri

aNabanda: kkkkkkkk aNaphiri mwandipha, akuti zikomo kwambiri

Wa kiyibodi: womasulira wabodza ameneyu alape kaye

aNaphiri (Leeds): ndinalapa kale mwana wanga kkk. Koma chomwe chinandiwawa nditachimva tsiku lomaliza nchakuti aphunzitsi aakulu anali atalemba kalekale kuti vuto lawo ndi zimbudzi za atsikana, zinagwa ndi mvula, atsikana akuluakulu amajomba masiku ena pa mwezi. Kalatayo inafika ndithu koma gulu linaona kuti kukumba dzenje si ntchito yomwe alendo angathe pa masiku khumi, nde anasankha yomwe angathe iwowo. Ndipo nkhuku za pa mudzi paja zinatha, tsiku lililonse khomo lina limapha nkhuku chifukwa mlendo sadya masamba, ife tikungoti anthu ake ochereza bwanji. Nde ndikamva penti ndi kaunjika mtima wanga umagunda, tisakachite kwa anzathu zomwe ife timaseka zikamachitika kwathu

Achimwene a ku Joni: Ndawerenga zonse achemwali ndipo ndikumva, koma ine ndiope chinthu chimodzi, nkhani ngati zimenezi zimatha ndi mawu oti basi tingotumiza ndalama tisapite. Ine ndakhala kunja zaka zambiri ndikudziwa kuti kuona munthu wabwera ndi miyendo yake nkosiyana ndi kulandira meseji ya ndalama pa foni. Nthawi ina kunabwera abusa ochoka kumudzi kuno ku Johannesburg, sanabweretse kalikonse, ife ndi amene tinawalipirira basi, anangokhala nafe mu kachipinda kathu ka malata kudya nsima ya ufa wa mu shopu kutifunsa za ana athu mmodzimmodzi, anyamata amene anasiya kupemphera kalekale anabwera tsiku limenelo ena mpaka misozi. Nde kupita kukhalepo

aNaphiri (Leeds): sindikuletsa kupita achimwene, inenso ndikanakhala pafupi ndikanakwera nawo. Koma taonani abusa anuwo, anabwera kudzakhala nanu ndi kufunsa, sanabwere ndi bulashi kudzapenta chipinda chanu musanawapemphe

Achimwene a ku Joni: apo nde mwandigwira kkk

Mlongo wa Area 25: Mmawa wabwino okondedwa, tsiku lanu likhale lodala, gawani uthengawu kwa anthu khumi

aNabanda: mlongo ino ndi 2 koloko masana ndipo tili pakati pa nkhani

Mkulu wa mpingo: Ana anga, ndakhala chete ndikuwerenga, maso ndi ovuta nde ndimalemba pang'onopang'ono. Pali chinthu chimene ndikufuna achinyamata muchidziwe musanakwere minibasi, chifukwa ndamva wina Lamulungu akunena kuti tikukapereka uthenga kwa anthu amene sanaumve. Ayi. Amishoni a Dutch Reformed atafika pa Mvera mu 1889 ndi kukhazikika pa Nkhoma mu 1896, sipanapite nthawi yaitali anawolokeranso tsidya ilo ku Angonia nakatsegula mishoni yotchedwa Mphatso. Boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Kuchokera pamenepo akhristu a kumeneko anakhala zaka zambirimbiri opanda mmishoni, opanda mbusa wokhala pakati pawo, koma mpingo sunafe. Amayi anga ondibereka anali a kufupi ndi Mlanda ku Ntcheu, ankatiuza kuti nthawi ya mgonero kunkabwera anthu oyenda pansi kuchoka tsidya lija, atanyamula kamba wawo, kudzabatizitsa ana ndi kudya mgonero nkubwerera. Itabwera nkhondo ija yomwe inatha mu 1992 anathawira kuno, anthu oposa miliyoni imodzi, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje kunadzaza, ndipo pobwerera anakamanganso matchalitchi awo pa mabwinja. Lero pa Ulongwe pomwepo pali sukulu yaubusa ya Hefsiba ya mpingo wa Igreja Reformada. Ndiye amene mukukawaonawo si ana pa chikhristu. Mwina inu ndi amene mukakhale pansi nkumvera

Wa kiyibodi: eeh agogo izi nde sindimazidziwa, ine ndimaona ngati kumeneko nkutchire

Mkulu wa mpingo: Kutchire kuti mwana iwe, mbatatesi yomwe umadya pa chiwaya ina imachoka komweko. Ukamayenda pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu, pa Lizulu paja mbali ina ya msewu ndi Mozambique. Angoni a kwa Gomani asanakhazikike ku Ntcheu anali pa phiri la Domwe, Angonia yomweyo. Ndi abale ako enieni

aNangondo: Agogo akunena zoona. Ine ndinakulira ku Dedza kufupi ndi boda, nthawi ya nkhondo ndinali kamtsikana, pakhomo pathu panakhala banja lina la ku Angonia zaka zitatu, bambo anawapatsa kamunda kuseri kwa dimba. Mayi ake a pa banjapo ndi amene anandiphunzitsa kupemphera mokweza, usiku uliwonse ankaimba nyimbo za mu buku zomwezi timaimbazi koma pamtima, buku analibe linapsa ndi nyumba. Nde ine ndikufuna kupita nawo osati kukagawa zinthu koma mwina ndingakapeze ana awo, dzina la mudzi ndikulikumbukira. Komanso za zovalazo ndinene mosabisa amayi anzanga, ndaona matumba omwe afika ku vestile, muli zinthu zina zoti ngakhale kukolopera simungakolopere, buluzi yong'ambika kukhwapa, nsapato phazi limodzi. Titachita Freddy mu 2023 tinkadandaula tokha kuti anthu ena akutaya zinyalala zawo mu dzina la thandizo, lero ndife tikuchita

aNabanda: nsapato ya phazi limodziyo ndaionanso ine, mwini wake ali pa gulu pano ndipo akuwerenga

Mlongo wa Area 25: inzake ndiipeza ndibweretsa Lachitatu

Wa kiyibodi: kkkkkkkk mlongo mwadziulula nokha

Msungichuma: Tiyeni tibwerere ku nkhani ya ndalama poti ndi yomwe ikundisowetsa tulo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse tikapanga bajeti mwezi uno mwezi wamawa yaperewera. Kumeneko amagwiritsa ntchito metikali, nde funso langa tisinthe kuti, ndipo mafuta tithire okwanira kupita ndi kubwera kuno kapena tikathira komweko. Chachiwiri chakudya, nkhani ya nkhuku ya aNaphiri yandigwira, anthu 14 sabata yathunthu ndi thumba la ufa ndi ndiwo zosachepa, tisakasiye anthu akulira njala ife tikuimba aleluya pa minibasi

Adalaiva a thiraki: Ndayima pa sikelo nde ndipezeko mpata. Njira imeneyo ndimaidziwa, mukatulukira pa boda ya Dedza, mbali yawo amati Calomue, kuchoka apo kukafika ku Ulongwe si patali. Za galimoto konzani izi, bulubuku yeniyeni osati fotokope yokha, ngati minibasi si ya dalaivayo pakhale kalata ya mwini wake yololeza kutuluka nayo, pa boda mukatenga pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi ya kumeneko. Mu galimoto mukhale ma thirayango awiri ndi vesiti yonyezimira ija, zimenezo amafunsa. Amayendera kumanzere ngati ife nde apo palibe vuto. Aliyense pasipoti izikhala mthumba nthawi zonse osati kusonkhanitsa mu chikwama cha apampando, ndipo achinyamata inu osajambula pa boda kapena pamene pali apolisi, ma selufi anuwo mukayambe mwafika. Za katundu, matumba a kaunjika ambiri chonchi akakufunsani ngati ndi malonda, pakhale kalata ya mpingo wa kumeneko yokuitanani yolembedwa mu Chipwitikizi, imathandiza kwambiri. Ufa ndi nyemba musavutike kunyamula, Angonia ndi dera la chakudya, mukagule pa msika komweko anthu apezeko kangachepe. Simu kadi mukagule imodzi ya Movitel kapena Vodacom ya gulu lonse basi

Wa kiyibodi: nthawi imasiyana ndi kuno adala?

Adalaiva a thiraki: aise ukuwoloka msewu osati nyanja, wotchi yako isiye momwemo. Koma tenga juzi, Ogasiti mmawa kumazizira ngati pa Dedza pomwe

Anesi: Ndionjezepo mbali yanga poti ndamva kuti ena ayamba kusonkhetsa mapanado ndi mankhwala otsala mmakomo kuti tikagawe. Chonde ayi. Ine chiphaso changa ndi cha kuno, sindingakatsegule kachipatala pansi pa mtengo mu dziko la eni popanda chilolezo cha azaumoyo a kumeneko, ndipo mankhwala otsala kwa wodwala wina sapatsidwa kwa wina, makamaka ma antibayotiki. Ndinyamula kabokosi ka gulu lathu lokha, aliyense atenge neti yake ndi mankhwala ake amene amamwa masiku onse, a BP ndi a shuga musaiwale ngati munachitira ulendo wa kunyanja uja. Ngati amayi a kumeneko angafune kuti ticheze za ukhondo kapena kadyetsedwe ka ana nditha, koma anene ndi iwo

Wapampando: Abale ndamva zonse, zina zandilasa koma ndi bwino. Kunena chilungamo pulogalamuyi tinailemba tokha pa tebulo, abusa a kumeneko tinangowauza masiku. Agogo, poti inu munaphunzira nawo limodzi mkulu wina wa kumeneko, mungatiimbireko foni usiku uno mufunse bwinobwino?

Mkulu wa mpingo: Ndiyesa, wina anditumizire mayunitsi

Msungichuma: ndatumiza agogo, ndalemba mu buku

Achimwene a ku Joni: Podikira agogo ndiponyeko ina. Tikamati utumiki wa kunja timangoganiza azungu kubwera kuno, koma makolo athu omwe ankapita ku Halale kukagwira ntchito anayambitsa mipingo kumeneko mpaka mmishoni wina wa Dutch Reformed, a Vlok, anawatsatira mu 1912, lero kuli sinodi yathunthu ya Harare. Kuno ku Joni nakonso mipingo ya Chichewa ili mbwee, timachita lendi makalasi a sukulu Lamulungu. Ulendo wotsatira muganizireko ife, sitifuna penti, tikufuna munthu wodzaphunzitsa akulu a mpingo kasungidwe ka mabuku ndi wodzacheza ndi mabanja, chifukwa mabanja kuno akutha ngati makatani

aNaphiri (Leeds): ngakhale kuno achimwene, tchalitchi chomwe ndimapita ndi chachikulu chamiyala koma Lamulungu timakhalamo anthu ochepa ambiri okalamba, amene amadzaza mabenchi ndi ife obwera, aku Nigeria, aku Zimbabwe, aku India. Kwaya yathu ija itabwera kuno agogo amenewa angalire. Koma viza yake ndi tikiti tisayambe nkomwe kkk. Ndagona ine, mundiuze zomwe agogo apeze

Mkulu wa mpingo: Mwadzuka bwanji nonse. Ndinaimba, tinacheza mpaka mayunitsi anatha, kenako anaimbanso iwo ali limodzi ndi abusa awo. Choyamba akondwa kwambiri ndipo akuti mubwere. Nditatchula penti anaseka, akuti tchalitchi chomwe munaona pa chithunzicho akuchisiya, aumba kale njerwa ndi kuotcha uvuni, chatsopano chafika pa windo, chakalecho chidzakhala cha Sande sukulu. Akuti ngati pakati panu pali kalipentala wodziwa kukhoma denga lalikulu lopanda mzati pakati ameneyo abwere, agwire limodzi ndi amisiri awo, matabwa ali nawo. Chachiwiri chomwe anachibwereza katatu ndi mabuku. Buku Lopatulika ndi mabuku a nyimbo a Chichewa kumeneko ndi osowa, mabanja ambiri akugwiritsa ntchito limodzi lothothoka masamba. Koma anachenjeza kuti musadzagawe ulere pa msonkhano, mudzapereke kwa akulu a mpingo iwo adzagulitsa motsika mtengo ndalamayo nkuitanitsira ena, akuti chaulere chimathera kwa amene ali kutsogolo kwa mzere osati amene akuchifuna. Chachitatu aphunzitsi a Sande sukulu, ana ndi ambiri ndipo kusukulu amaphunzira mu Chipwitikizi, nde ambiri Chichewa amalankhula bwino koma kuwerenga amagwira njakata, akufuna masiku awiri oti aphunzitsi awo ndi athu akhale pamodzi kuonetsana njira. Za khomo ndi khomo akuti zili bwino koma aliyense wa ife aziyenda ndi mkhristu wa komweko ndipo wolankhula woyamba akhale wa komweko, ndipo tikafika tikaonekere kaye kwa amfumu ndi akuluakulu a dera. Za zovala anangoti mukabweretsa tilandira, koma mmene ananenera ndinamva kuti ndi ulemu chabe

aNangondo: mmene ananenera kkkk agogo mwamasulira bwino kuposa aNaphiri

aNaphiri (Leeds): ndadzuka ndipo ndaona, mundisiye

Mkulu wa mpingo: Pali china. Akuti amayi awo a chigwirizano akhala akufuna kudzationa kuno, nde akufunsa ngati ifenso tingawalandire chaka chamawa akakolola. Ndinayankha kuti ndikafunsa, koma mumtima ndinachita manyazi kuti ife sitinaganizeko zowaitana

aNabanda: Abwere! kwanga kugona anayi, aNangondo atenga ena. Koma nkhuku zanga ndiyambe kuziwerenga lero

Wa kiyibodi: nde kiyibodi ndinyamule kapena ayi, poti zonse zasintha

Mkulu wa mpingo: Nyamula, anafunsa za kwaya. Koma akuti nawonso ali ndi makwaya atatu nde usakaganize kuti udzaimba wekha usiku onse, ndipo magetsi pamalopo palibe, amagwiritsa ntchito sola

Wa kiyibodi: bho agogo ndipeza batire. Ndiyambenso kuphunzira bom dia ndi obrigado

Adalaiva a thiraki: uphunzirenso manambala, pa msika mtengo amakuuza mu Chipwitikizi ngakhale nkhani yonse ili mu Chichewa, ungagule mbatatesi pa mtengo wa mbuzi

Anesi: Kalipentala tili naye, bambo aja amakhala kumbuyo kwa kwaya anakhoma denga la holo ija, koma sali pa gulu lino foni yawo ndi yamabatani. Ndiwapeza Lachitatu. Vuto sindikudziwa ngati ali ndi pasipoti

Wapampando: Afunseni msanga, ngati alibe komiti iona chochita, ndipo ngati malo achepa mu minibasi wina wa ife a komiti atsala kuti iwo akwere, ndayamba ndi ine kunena. Amayi a zovala, sankhani zabwino zokhazokha thumba limodzi, zotsalazo tiona kuno. Ndalama yomwe timati ya zikwangwani ndi matisheti ipite ku mabuku, msungichuma mufufuze mtengo wa katoni. Kalata yotiitana ija agogo muwakumbutse. Amene muli ndi pasipoti yosatha lembani dzina pansipa lisanafike Lachisanu

Msungichuma: Zamveka. Koma abale zigoba zinayi zija nditani nazo, ku shopu anakana kubweza

aNangondo: kodi chipinda chathu cha Sande sukulu munalowamo liti? khoma lake ana analemba ndi makala mpaka kudenga

aNabanda: ndipo mpenti tili naye pa mpingo pompano, mnyamata uja akusowa ganyu chiyambire Janyuwale, mumulipire apake

Msungichuma: Loweruka 8 koloko abwere ndi bulashi yake, kiyi wa ku stoo ali ndi ine

Mlongo wa Area 25: nsapato ija ndaipeza